Kafukufuku wa matenda a maganizo a ana achitike kwathu kuno, ndipo afike m'kalasi

Nthawi iliyonse apolisi akalengeza kuti mwana wa sukulu wadzipha, mkangano womwewo umabuka pa wailesi, m'maminibasi a pakati pa Zomba ndi Blantyre, ngakhalenso m'maofesi a aphunzitsi. Ena amati ana a masiku ano ndi osakhwima mtima. Ena amati nthawi yakwana yoti dziko liike ndalama pofufuza matenda a maganizo a ana. Ochuluka amafunsa kuti kafukufuku ngwachiyani pamene m'zipatala panado amasowa. Ine ndili mbali ya kafukufuku. Maganizo anga ndi akuti Malawi ayenera kufufuza yekha za matenda a maganizo ndi a ubongo mwa ana ake, ndipo phindu la kafukufukuyo tiziliyeza poona ngati wasintha zochita za mphunzitsi wa ku Songani ndi mlangizi wa zaumoyo wa ku Jali, tisanayambe kuwerenga kuti akatswiri angati a kunja amutchula m'zolemba zawo. Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo zikuyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife a ku Zomba chifukwa zonse zofunika pa ntchitoyi zili m'boma lathu lino. Chipatala chachikulu cha boma cha odwala matenda a maganizo chili pano. Chinatsegulidwa mu 1953, ndipo chiyambi chake ndi chigawo cha ndende ya Zomba komwe atsamunda ankatsekera odwala misala kuyambira mu 1910, mbiri imene katswiri Megan Vaughan analemba mu 1983. Yunivesite ya Malawi, yomwe ambirife timaitchulabe kuti Chanco, ili pano ndipo imaphunzitsa za kaganizidwe ka munthu. Aphunzitsi amasulidwa ku Domasi. Ana olakwira malamulo amasungidwa ku Chilwa. Ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya NSO nayonso ili pano, ndipo kalembera wake wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi theka la iwo osakwana zaka 18. Dziko limene theka la anthu ake ndi ana silingamadikire kuti matendawa aonekere pa geti ya chipatala cha Mental, munthu ali ndi zaka 30, abale atamumanga zingwe, ndiye n'kumati tayamba kuthandiza.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti mwana sadwala maganizo. Amati mwana sadziwa mtengo wa feteleza, salipira lendi, nanga nkhawa aitenga kuti? Wosakhazikika m'kalasi amamutcha wamwano, wosayankhula amati ngopepera, wodzidzimuka ndi kukuwa usiku amati akuphunzitsidwa ufiti, ndipo mankhwala a zonsezi amati ndi mkwapulo ndi pemphero. Onena izi sadana ndi ana. Ambiri analera ana awo n'kukula bwinobwino, ndipo akunena zoona kuti si mwana aliyense wovuta amene akudwala. Komabe funso loti kaya ana amadwala maganizo linayankhidwa kalekale, ndipo linayankhidwa powerenga ana enieni. Mu 1964 dokotala wa ku Britain, Michael Rutter, ndi anzake anayamba kuyeza ana a sukulu a pa chilumba cha Isle of Wight, akufunsa makolo, aphunzitsi ndi anawo, ndipo anaonetsa kuti matendawa alipo pakati pa ana wamba omwe sanapiteko n'komwe kwa dokotala. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali ana, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la amene ankadwala maganizo pa zaka 26 anali atayamba kale kudwala pofika zaka 15. Kafukufuku wa Ronald Kessler wa mu 2005 ku America anapeza zofanana: theka la matendawa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Lero bungwe la WHO limati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la mtunduwu. Akuluakulu amene amakonda kunena kuti m'mera mpoyamba akunena zomwezo zimene ziwerengerozi zikunena, kungoti iwo amaganiza za ndodo pamene nthawi zina chofunika ndi chithandizo.

Wina anena kuti ana a ku Britain ndi ku New Zealand si ana a ku Chingale, ndipo matendawa ndi a kwa azungu. Yankho lake lili ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, komwe madokotala monga Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor akhala akufufuza malungo ogwira ubongo kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana 132 omwe anachira malungo okomola aja, powayerekeza ndi ana ena 264 a msinkhu womwewo amene sanakomoke. Mwa ochira malungo, 12 anayamba kudwala khunyu ndipo 14 anasintha khalidwe: ndewu, kusakhazikika, kusamva kuletsa. Mwa ana 264 enawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi khunyu kapena khalidwe lotere. Taganizirani tanthauzo la zimenezi pa mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene udzudzu susowa. Mwana anakomoka, anagonekedwa, anachira, banja linathokoza Mulungu. Patapita miyezi mwana uja wayamba kumenya anzake, kuthawa m'kalasi, kuswa mbale. Amayi ake sakulumikiza zimenezi ndi malungo a chaka chatha, aphunzitsi a Sitandade 2 sakudziwa n'komwe kuti anadwalapo, ndipo mwanayo akukwapulidwa kunyumba ndi kusukulu chifukwa cha chilonda chimene chili mu ubongo wake. Izi sizinabwere ndi wailesi ya kanema kapena foni. Zinabwera ndi udzudzu wathu womwe uno, ndipo tinazidziwa chifukwa wina anakhala pansi n'kutsatira ana athu mmodzimmodzi.

Mfundo yachiwiri ndi yanzeru kuposa yoyamba. Imati chabwino, matendawa alipo, koma maiko olemera anawafufuza kale kwa zaka zoposa 80, kuyambira mu 1943 pamene dokotala Leo Kanner anafotokoza za ana 11 a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Ife osauka tingotenga zimene anapeza, tisataye ndalama kubwereza ntchito yomwe inatha. Ndikuvomereza kuti pali zambiri zoyenera kutenga monga zilili. Rutter yemweyo anatsatira ana amasiye a ku Romania amene anatengedwa ndi mabanja a ku Britain boma la Ceaușescu litagwa mu 1989, ndipo anapeza kuti ana amene anachoka m'nyumba zosungira amasiye asanakwane miyezi isanu ndi umodzi anakula pafupifupi ngati ana ena onse, pamene ambiri mwa amene anakhalitsamo anakhala ndi mavuto mpaka kukula. Sitifunika kubwereza kafukufuku ameneyo kuti timvetse kuti khanda lamasiye limafunika manja a azakhali kapena agogo koposa bedi la mu nyumba ya ana amasiye. Koma kutenga nzeru n'kosiyana ndi kutenga zonse. Akatswiri polemba mu magazini ya The Lancet mu 2011 anaonetsa kuti ana 90 mwa 100 alionse a pa dziko lapansi amakhala m'maiko osauka ndi apakati, koma kafukufuku woyesa chithandizo cha matenda a maganizo a ana wochokera m'maiko amenewa anali pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Ndiye kuti zimene timazitcha nzeru za dziko lonse zinayesedwa pa ana ochepa, omwe sadwala malungo, sapinimbira, ndipo ambiri sanaikeko m'manda mayi wawo. Kwathu kuno kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ubongo wa mwana wotere ukukula m'nyengo ina, ndipo buku lolembedwa ku London silingatiuze zonse za iye.

Vuto limafika mpaka pa chida choyezera. Mafunso ena a ku America oyezera kakulidwe ka mwana amafunsa ngati mwanayo amatha kudzikonzera yekha chakudya cha m'paketi chothira mkaka, kapena ngati amasewera masewera a makadi ndi a pa bolodi. Mwana wa ku Mayaka, amene amabereka mng'ono wake kumbuyo, kutunga madzi ndi kutumidwa kwa agogo, akhoza kulephera mafunso amenewo n'kulembedwa kuti ndi wotsalira m'nzeru. Pozindikira zimenezi, Melissa Gladstone ndi gulu la ofufuza a ku Malawi ndi a kunja anayamba ndi kufunsa anthu a m'midzi zimene iwo amayembekeza kwa mwana pa msinkhu uliwonse, n'kupanga chida chotchedwa MDAT, chimene chinafalitsidwa mu 2010. Chili ndi zoyeza 136 zokhudza kuyenda, kugwira zinthu ndi zala, kulankhula ndi kukhala ndi anthu, kwa ana ofika zaka zisanu ndi chimodzi. Lero chidachi chikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi kwina. Ndikuchitchula chifukwa chikuonetsa kuti nzeru siziyenda njira imodzi yokha yochokera kumpoto. Ntchito yochitika bwino m'mudzi wa ku Malawi ikhoza kusintha mmene akatswiri a dziko lonse amayezera ana, monga momwe muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Score, wa mu 1989, unalowera m'mabuku a madokotala kulikonse kumene kuli malungo.

Palinso chifukwa china chimene sitiyenera kungomeza zochokera kunja: kutchuka kwa kafukufuku si umboni woti ngoona. Kwa zaka zambiri Bruno Bettelheim anaphunzitsa kuti autism imayamba chifukwa cha amayi ouma mtima, ndipo amayi ambiri anasenza mlandu umene sunali wawo, mpaka Susan Folstein ndi Rutter atayeza mapasa mu 1977 n'kuonetsa kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu. Mu 1998 Andrew Wakefield anafalitsa mu The Lancet nkhani ya ana 12 imene inachititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism. Magaziniyo inaichotsa mu 2010 ndipo Wakefield analandidwa chilolezo cha udokotala, koma makolo ambiri anali atasiya kale kubayitsa ana, ndipo bodzalo likuyendabe pa WhatsApp mpaka lero. Dziko lopanda akatswiri ake odziwa kuunika kafukufuku limalandira mankhwala ndi bodza pa khomo limodzi. Munthu amaphunzira kuunika kafukufuku pochita kafukufuku, ndiye ngati tikufuna anthu otiteteza ku zabodza za kunja, tiyenera kuwapatsa ntchito yofufuza kuno.

Mfundo yachitatu ndi imene imandivuta kwambiri kuiyankha, chifukwa theka lake ndi loona. Imati vuto la ana athu ndi umphawi. Mtsikana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, amene wagona ndi njala, amene alibe sopo, safunika mafunso a ofufuza. Mpatseni ndalama ndipo nkhawa ithawa yokha. Chochititsa chidwi n'chakuti mfundo imeneyi inayesedwa, ndipo inayesedwa m'boma la Zomba lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayendetsa ndondomeko yopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo azipita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ndipo madera ena sankalandira konse kuti pakhale poyerekeza. Zotsatira zokhudza maganizo zinatuluka mu 2013. Zinaonetsa kuti ndalamazo zinachepetsa kwambiri kuvutika maganizo pakati pa atsikana a pasukulu. Apa otsutsa apambana. Koma kafukufukuyo anapezanso zinthu zitatu zimene nzeru za pa bwalo sizikanatiuza. Pamene ndalama zopita kwa makolo zinali zochuluka ndipo zinkadalira kuti mtsikanayo asajombe, phindu lija linkachepa. N'zosavuta kumvetsa, chifukwa mwana wa Fomu 1 wasanduka mzati wa chakudya cha banja lonse. Atsikana amene sanasankhidwe koma ankakhala m'madera olandira anavutika maganizo kuposa kale. Ndipo ndalamazo zitasiya kubwera, kusintha konseko kunazimiririka posakhalitsa. Aliyense wokonza ndondomeko ngati Mtukula Pakhomo ayenera kudziwa zimenezi, apo ayi adzathandiza mwana mmodzi n'kupweteka mnzake wa nyumba yoyandikana. Choncho kafukufuku sapikisana ndi ndalama za osauka. Amatiuza kaperekedwe koyenera ka ndalamazo.

Kuwonjezera apo, si nkhawa yonse imene ndalama ingachotse. Maria Kim ndi anzake anayeza achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi HIV m'zipatala za ku Lilongwe ndi ku Zomba, pogwiritsa ntchito mafunso a m'Chichewa, ndipo mu 2014 anafalitsa kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa kwambiri. Chimodzi mwa zinthu zimene zinayendera limodzi ndi matendawa chinali kunyozedwa ndi anzawo chifukwa chomwa mankhwala. Mnyamata wa kusukulu yogonera komweko amene amabisa botolo la ma ARV m'thumba la zovala, n'kumadumphitsa masiku poopa kuti anzake amva mapilitsi akulira, ali ndi mankhwala aulere m'manja, koma moyo wake uli pa chiswe. Vuto lake likhoza kuthetsedwa ndi mphunzitsi wamkulu woganiza bwino ndi kabati yokiya, pamtengo wochepa kwambiri, bola wina awauze aphunzitsiwo zimene zinapezeka.

Apa ndafika pa mfundo yachinayi, imene ndimagwirizana nayo koposa zonse ngakhale kuti ndimakana mathero ake. Anthu amati kafukufuku amalemeretsa ofufuza okha. Amabwera pa galimoto zazikulu, amafunsa mafunso, amajambula, n'kupita. Mapepala amatuluka m'Chingerezi m'magazini zimene mphunzitsi wa pulayimale sangathe kuzigula, olemba amakwezedwa kukhala mapulofesa, ndipo mudzi umene unayankha mafunso sumvanso kanthu. Dandaulo limeneli ndi loona nthawi zambiri. M'mayunivesite kufunika kwa munthu kumayezedwa ndi kuchuluka kwa nthawi zimene akatswiri ena atchula ntchito yake, ndipo muyeso umenewu umakankhira ofufuza ku mafunso amene amasangalatsa owerenga a ku Ulaya ndi ku America. Taonaninso maina amene ndatchula m'nkhani ino: pafupifupi onse ndi a kunja, ngakhale kuti amene anayenda m'midzi, kumasulira mafunso ndi kukhazika mtima pansi amayi okayika anali Amalawi. Ndipo zimene zinapezeka ku Blantyre mu 2010 zokhudza ana ochira malungo zinayenera kukhala nzeru ya mayi aliyense wotuluka m'wodi ya ana ndi mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1. Koma ngati vuto ndi lakuti kafukufuku ali m'manja mwa alendo ndipo safika kwa eni ake, kumusiya kukulitsa vutolo, chifukwa alendo adzapitiriza kufufuza ndi ndalama zawo pa mafunso awo. Mankhwala ake ndi kuti Yunivesite ya Malawi ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS zikhale ndi thumba lawolawo, ngakhale laling'ono, la mafunso athu. Kuti makomiti opereka chilolezo cha kafukufuku azifuna kuona tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa kapena m'Chiyao loperekedwa kwa mfumu, kwa komiti ya sukulu ndi ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Ndiponso kuti pokweza mphunzitsi wa pa yunivesite aziwerengeranso ngati ntchito yake yalowa mu silabasi ya anamwino kapena ya aphunzitsi a ku Domasi, osati kutchulidwa kunja kokha.

Pali mantha ena amene makolo amakhala nawo, akuti mwana akangopimidwa n'kupatsidwa dzina la matenda, mudzi wonse umutcha wamisala ndipo tsogolo lake lathera pomwepo. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo ofufuza ayenera kusunga chinsinsi mwamphamvu. Koma mwana amene tikumunenayu ali nalo kale dzina. Akumutcha chitsiru, mfiti kapena wotembereredwa, ndipo maina amenewa amamuchotsa pasukulu, nthawi zina pakhomo pomwe. Mayi akauzidwa ndi namwino kuti khalidwe la mwana wake ndi zotsalira za malungo, amapeza chowauza apongozi ake ndi aphunzitsi, ndipo ndodo imaikidwa pansi.

Otsala ndi amene amafunsa kuti ndalama zichokera kuti. Gawo loyamba la ntchitoyi silifuna ndalama zambiri. Kafukufuku wa m'makomo wa MICS, amene NSO inachita mu 2019 ndi 2020, anafunsa kale osamalira ana a zaka 5 mpaka 17 za mmene anawo amakhalira, kuphatikizapo ngati amaoneka a nkhawa kapena okhumudwa kawirikawiri. Mayankho amenewo ophunzira a digiri yachiwiri a ku Chanco akhoza kuwasanthula n'kutiuza kuti ndi ana a makomo otani amene akuvutika koposa. Alangizi a zaumoyo amakumana kale ndi amayi ku sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo akhoza kuyesa mafunso atatu kapena anayi okhudza mwana amene anakomokapo ndi malungo, n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Ndipo pali ana a m'zigawo za kumwera kuno amene mu Malichi 2023 anaona namondwe wa Freddy akukokolola nyumba ndi abale awo, pa ngozi imene inapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ana amenewo tsopano ali m'makalasi mwathu. Kuwatsatira kwa zaka zisanu kapena khumi, kuona amene akuchira ndi chimene chikuwachiritsa, kaya ndi agogo, mpingo, sukulu kapena namwino, ndi ntchito imene yunivesite, chipatala cha Mental ndi ofesi ya maphunziro ya boma lino angayambe chaka chino ngati atakhala pa tebulo limodzi.